Mpikisano wothamanga m'mbali mwa nyanja: mafunso amene okonza amafunsa, ndi mayankho ake

Tsambali ndi la anthu amene akufuna kukonza mpikisano wothamanga m'tauni yaing'ono, pamsewu wotsata gombe la nyanja kapena mtsinje waukulu. Mafunsowa ndi amene amabwera mobwerezabwereza komiti ikangokhala pansi koyamba. Ndikuyankha ngati munthu amene waimapo pamzere woyambira mbandakucha, mapini ali m'thumba, chimkuzamawu chitakana kulira.

Madzi ndi amene adzakuitanireni anthu, chifukwa aliyense amafuna chithunzi akuthamanga dzuwa likutuluka pamwamba pa nyanja. Koma madzi omwewo amakulandani theka la malo. Msewu wa m'mbali mwa nyanja uli ndi mbali imodzi yokha yolowera ndi yotulukira, ndipo mayankho ambiri pano akuchokera pamenepo.

Tiyambe ndi mtunda wotalika bwanji?

Makilomita 5. Ngati komiti ili ndi mphamvu, onjezani wa makilomita 10 pa njira yomweyo, koma chaka choyamba musapitirire pamenepo. Pamsonkhano woyamba sipalephera munthu wonena kuti, "Tingopanga marathon kuti atidziwe." Mumvereni mpaka amalize, kenako mufunseni kuti anthu oti aime mumsewu maola 6 awatenga kuti. Marathon ndi makilomita 42.195, mtunda umene unathamangidwa pa masewera a Olympics a ku London mu 1908 n'kudzakhazikitsidwa ngati muyeso wa dziko lonse lapansi mu 1921. Theka lake ndi makilomita 21.0975, ndipo ngakhale thekalo limafuna kuti msewu utsekedwe maola 3 kapena 4.

Makilomita 5 munthu amene sanathamangepo atha kuwamaliza, ngakhale poyenda chabe, mu ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Gulu la parkrun, lokonza kuthamanga kwaulere sabata iliyonse, limene lero lili m'mayiko ambiri, linayamba mu 2004 ku Bushy Park mu London ndi othamanga 13 okha, ndipo mpaka pano mtunda wake ukadali makilomita 5. Kuyamba pang'ono si manyazi.

Njira ikhale yozungulira kapena yopita n'kubwerera?

M'mbali mwa madzi, kawirikawiri malo ndi amene amakusankhirani. Kuti muzungulire, muyenera kuchoka kugombe n'kulowa m'kati mwa tauni, kumene kuli mphambano zambiri ndi magalimoto. Choncho ambiri amapita makilomita 2.5 n'kubwerera momwemo. Njira yotereyi imapeputsa ntchito: poyambira ndi pomalizira ndi pamodzi, tebulo limodzi la madzi limathandiza opita ndi obwerera omwe, ndipo wakumbuyo amaona wakutsogolo akubwerera n'kumuombera m'manja ali wefuwefu. Imakwaniritsanso yokha malamulo awiri a bungwe la World Athletics, loyendetsa masewera othamanga padziko lonse lapansi, okhudza kuvomereza nthawi zoposa zonse (marekodi): poyambira ndi pomalizira pasatalikirane kuposa theka la mtunda wa mpikisano, ndipo njira isatsetsereke kuposa mita imodzi pa kilomita iliyonse. Mpikisano wa Boston Marathon, ndi kutchuka kwake konse, sukwaniritsa malamulo amenewa.

Vuto lake ndi lakuti magulu awiri a anthu amakumana maso ndi maso pamsewu umodzi. Yendani njirayo pansi, musayende pa galimoto, ndipo mufufuze pamene yapanikizika kwambiri: pamlatho waung'ono, pamene khoma lalowa mumsewu, pamene maboti amatsitsidwira m'madzi. Malo amenewo ndi amene anene kuchuluka kwa anthu amene mungalembe, osati bwalo lalikulu loyambira. Ngati pamlatho pangadutse anthu 3 okha mogundana mapewa, ndipo otsogola azidzabwerera gulu lalikulu lisanawoloke, sunthani potembenukira kapena gawani anthu m'magulu onyamuka mosiyana nthawi. Pakati pa msewu ikani makoni (zizindikiro zapulasitiki zosongoka zija za pamsewu), ndipo lamulo likhale limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: aliyense asunge mbali imodzi ya msewu.

Yang'ananinso pansi. Mphepo ya usiku imakankhira mchenga pamsewu, makamaka pokhota, ndipo mchenga wopyapyala pamwamba pa phula umaterera kuposa matope. Matabwa a padoko akanyowa ndi mame amakhala ngati apakidwa sopo. Tsache lolimba ndi chimodzi mwa zida zimene sindizisiya kunyumba. Ola limodzi mpikisano usanayambe, anthu awiri amasesa pokhota paliponse.

Tiyeza bwanji mtunda? Galimoto kapena foni sizingakwane?

Zingakuthandizeni kupeza pongoyerekeza, basi. Pa makilomita 10, galimoto kapena foni itha kukusokonezani ndi mamita 100 kapena kuposa, ndipo munthu amene wakhala akukonzekera miyezi itatu kuti aphwanye nthawi yake sadzakukhululukirani akadzazindikira kuti njira inali yoperewera.

Njira yovomerezeka ndi World Athletics pamodzi ndi AIMS, bungwe la mipikisano ya marathon ndi mitunda italiitali, ndi ya njinga yakapalasa yokhala ndi kachipangizo kowerengera kuzungulira kwa gudumu lakutsogolo. Kachipangizoka kamatchedwa Jones counter, potengera dzina la Alan Jones amene anakapanga mu 1971. Woyeza amayamba wapeza msewu wowongoka ndi wosalala, n'kuyezapo mamita osachepera 300 ndi tepi yachitsulo. Amapalasa pamenepo ka 4 kuti adziwe manambala amene kachipangizoka kamawerenga pa kilomita imodzi. Kenako amapalasa njira ya mpikisano, ndipo akamaliza amabwereranso pa msewu woyezedwa uja kupalasa kena ka 4, chifukwa tayala limasintha kukula kunja kukamatentha kapena kuzizira.

Zinthu ziwiri zimadabwitsa anthu akamaonerera. Choyamba, woyeza sapalasa pakati pa msewu. Amatsata njira yaifupi kwambiri imene wothamanga angadutse, kudula pokhota paliponse, masentimita 30 kuchokera m'mphepete. Msewu wa kugombe umakhotakhota potsata madzi, ndiye kusiyana kwa njira yapakati ndi yodulira kumakhala kwakukulu. Chachiwiri, amaonjezera dala mita imodzi pa kilomita iliyonse, kotero mpikisano wa makilomita 10 umayezedwa mamita 10,010. Cholinga chake n'chakuti ngati pali kulakwitsa kwina, njira isaperewere.

Musaganize kuti zoperewerazi zimagwera ang'onoang'ono okha. Marathon ya ku Manchester inapezeka kuti inali yoperewera ndi mamita 380 m'zaka za 2013, 2014 ndi 2015, ndipo nthawi za anthu masauzande ambiri zinachotsedwa pa mndandanda wovomerezeka.

Ngati woyeza wovomerezeka simungamupeze chaka chino, yezani mosamala ndi gudumu loyezera lokankha pamanja, kawiri, ndipo nenani poyera kuti mtundawo ndi wongoyerekeza. Mukamaliza, khomani msomali pansi kapena pakani penti poyambira, potembenukira ndi pomalizira, jambulani chithunzi, ndipo lembani kuti ndi mamita angati kuchokera pa chinthu chosasuntha monga ngodya ya nyumba. "Pafupi ndi mtengo uja" si chizindikiro. Mitengo imadulidwa.

Wina akadzati wotchi yake ya GPS yaonetsa makilomita 10.15, timuyankhe chiyani?

Muuzeni kuti zimenezo n'zachizolowezi pa njira yoyezedwa bwino. Iye sanadule pokhota paliponse, anazemba anzake, anapatukira ku tebulo la madzi, ndipo wotchi nayo imasocherako pansi pa mitengo ndi pafupi ndi makoma aatali. Muzida nkhawa mawotchi ambiri akaonetsa 9.7.

Chilolezo timakachipeza kwa yani?

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma zitseko zogogoda zimakhala zomwezomwezo: amene amayang'anira msewuwo, apolisi a pamsewu, mwini wa malo oyambira, ndi bungwe loyendetsa masewera othamanga m'dera lanu. M'mbali mwa madzi pamabweranso ena amene ambiri amawaiwala: oyang'anira doko, ndi oyang'anira zachilengedwe ngati njira ikudutsa malo otetezedwa kumene mbalame zimaikira mazira. Msewu umodzi utha kukhala ndi eni atatu pa makilomita awiri. Safunsa anadya phula.

Yambani miyezi 4 kapena 6 tsiku lisanafike. Musapite manja lendelende. Tengani mapu a njira osonyeza mphambano iliyonse, nthawi yotseka ndi yotsegula msewu, chiwerengero cha anthu, kumene magalimoto azidzadutsa msewu ukatsekedwa, ndi polowera ambulansi. Wapolisi akaona pepala lotere amadziwa kuti akulankhula ndi anthu oganiza. Yankho lililonse likhale lolembedwa, chifukwa amene anakulonjezani pakamwa atha kusamutsidwa tsikulo lisanakwane. Funsaninso za inshuwalansi yoteteza okonza ngati munthu wavulala kapena katundu wa wina wawonongeka; maofesi ambiri sapereka chilolezo popanda imeneyi.

Nanga okhala m'mbali mwa msewuwo?

Awa ndi amene adzasankhe ngati mpikisano wanu udzachitikenso chaka chamawa. Kumbukirani kuti kumbuyo kwa nyumba zawo kuli madzi. Mukatseka msewu wakutsogolo, mwawatsekera m'nyumba. Pitani khomo ndi khomo milungu iwiri kapena itatu nthawi isanakwane. Auzeni nthawi yeniyeni, kuti msewu utsekedwa 6 koloko n'kutsegulidwa hafu pasiti 8, ndipo muwasiyire nambala ya foni ya munthu amene adzayankhedi tsikulo. Funsani ngati pali wodwala, woyembekezera amene masiku ake ayandikira, kapena wogwira ntchito yausiku amene amabwera m'mawa ndi galimoto.

Asodzi ndi eni maboti ali ndi nthawi yawoyawo, ndipo m'mawa umene inu mwausankha ndi umenenso ambiri amakocheza. Khalani nawo pansi. Kawirikawiri zimatheka kusiya mpata umodzi wowolokera, wokhala ndi woyang'anira amene amawolotsa anthu ndi katundu othamanga akatalikirana. Munthu amene munamufunsa maganizo amatulutsa mpando n'kumaombera m'manja. Amene mwamudzidzimutsa amaimika galimoto pakati pa makoni anu, ndipo sindingamunene kuti walakwa.

Tiyambe nthawi yanji?

M'mawa kwambiri, kutangocha bwinobwino. Anthu amaganiza kuti pafupi ndi madzi pamazizira, ndipo n'zoona kwa munthu wokhala pansi pa mthunzi. Kwa wothamanga nkhani ndi ina. Thupi limadziziziritsa thukuta likamauma pakhungu, koma mpweya wa kugombe umakhala ndi chinyezi chambiri, ndiye thukuta limangoyenderera osauma. Onjezani dzuwa lonyezimira pamadzi ndi pamchenga, komanso kusowa kwa mitengo m'misewu yambiri yotere.

Mphepo nayo ili ndi nthawi yake. Dzuwa likakwera, nthaka imatentha msanga kuposa madzi, mpweya wofunda wa kumtunda umakwera, ndipo wozizira wa panyanja umathamangira kumtunda kukalowa m'malo mwake. N'chifukwa chake mbandakucha kumakhala bata koma pofika chakumasana mphepo yakula. Kwa othamanga ndi yotopetsa chabe. Kwa inu okonza ndi imene imagwetsa matenti, kuulutsa makapu ndi kukunkhuniza chikwangwani cha kilomita yachitatu mpaka m'madzi. Chilichonse choima chimangidwe kapena chitsinjiridwe ndi matumba a mchenga.

Ngati muli kugombe la nyanja yamchere, tsegulani ndandanda ya kudzaza ndi kuphwa kwa madzi musanasankhe tsiku. M'malo ambiri nyanja imadzaza kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50, kutanthauza kuti nthawi yake imasuntha tsiku ndi tsiku, ndipo imadzaza kwambiri mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu. Kanjira kamene munakayeza kali kouma katha kumira tsiku la mpikisano. Ku mtsinje ndi nyanja za kumtunda, funsani okhalitsa kuti madzi amafika pati nyengo ya mvula ikatha.

Madzi akumwa tikonze ochuluka bwanji?

Malamulo a World Athletics amati madzi azipezeka poyambira, pomalizira, ndi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5 aliwonse. Kumeneko ndi kuchepetsetsa. Kukatentha, ndipo ambiri mwa anthu anu ndi oyamba kumene, ikani tebulo pa makilomita 2 kapena 3 aliwonse. Kuwerengera kwake n'kosavuta: anthu 300, tebulo lodutsidwa kawiri, makapu awiri pa munthu nthawi iliyonse, ndiye makapu 1,200, osawerengera a pomalizira. Thirani theka lokha la kapu. Yodzaza imathera pamalaya. Thiraniranitu gulu lisanafike, chifukwa likafika simudzapeza mpata, ndipo sungani ena pambali. Otsogola amamwa pang'ono. Ofunitsitsa madzi ndi akumbuyo amene akhala padzuwa nthawi yaitali, ndipo ndi amene amapeza tebulo litauma.

Osakakamiza anthu kumwa. Kumwa mopitirira muyeso kumasungunula mchere wa m'magazi, ndipo zikafika poipa ubongo umatupa. Ofufuza atayeza magazi a ena mwa othamanga pa Boston Marathon ya 2002 anapeza kuti 13 mwa 100 aliwonse anali ndi vutoli. Limagwira kwambiri pa mitunda italiitali, koma langizo lake ndi labwino paliponse: imwani mukamva ludzu.

Wina akagwa tichita chiyani?

Funso ili liyankhidwe pa pepala tsiku lisanafike, ndipo muliyankhe pamodzi ndi achipatala amene adzakhalepo. Yambani ndi mapu. Popeza mbali imodzi ndi madzi, ambulansi ili ndi tinjira towerengeka tolowera kuchokera kumtunda. Tipezeni tonse, tipatseni mayina kapena manambala, ndipo wina aonetsetse kuti oonerera sanaimikemo magalimoto. Pamene galimoto singafike payende munthu wa chithandizo choyamba pa njinga. Pamene msewu wagundana ndi madzi akuya popanda chotchinga, pakhale munthu wodziwa kusambira ndi chingwe kapena choyandamitsa.

Ambiri amene amagwa amagwera atangodutsa mzere womalizira. Munthu akaima mwadzidzidzi, magazi amatsalira m'miyendo ndipo mutu umachita chizungulire. Ameneyu mugonekeni chagada, mukweze miyendo, ndipo kawirikawiri amatsitsimuka pakapita mphindi zochepa. N'chifukwa chake timauza omaliza kuti, "Pitirizani kuyenda, musaime."

Wogwa asanafike pamzere ndi amene amandiopsa. Pali zinthu ziwiri zosafunika kuzengereza. Choyamba ndi mtima kuima: munthu sakuyankha ndipo sakupuma bwino, kapena akungobanika. Wina aimbe foni, wina ayambe kupsinja pakati pa chifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kulowetsa masentimita 5 kapena 6, ndipo wina athamangire kachipangizo kodzutsa mtima kotchedwa AED. Mphindi iliyonse yodutsa popanda chithandizo imachepetsa mwayi wa moyo. Ngati AED ilipo imodzi yokha, dziwani amene waigwira ndi mmene angafikire kumapeto onse a njira.

Chachiwiri ndi kutentha kwa thupi kopitirira madigiri 40. Chizindikiro chake chachikulu ndi kusokonezeka mutu: munthu akudzandira, akulankhula zosamveka, akulusa popanda chifukwa, mwina akukankha womuthandiza. Atha kukhala akutulukabe thukuta, choncho musadikire kuti khungu liume. Achipatala cha zamasewera amaphunzitsa kuti muziziritseni kaye pomwepo, kenako n'kumunyamula. Njira yachangu ndi kumuviika m'beseni lalikulu la madzi ozizira a ayezi mutu uli kunja. Ngati palibe, nsalu zonyowa zozizira thupi lonse, zosinthidwa pafupipafupi. Wina adzakuwa kuti, "Mponyeni m'nyanjamo!" Ayi. Munthu wosokonezeka amamira ngakhale m'madzi ofika m'mawondo, ndipo madzi a m'mphepete nthawi zambiri si ozizira mokwanira.

Kumbuyo kwa nambala ya pachifuwa, wothamanga aliyense alembe dzina lake, nambala ya foni ya wachibale, ndi matenda kapena mankhwala amene achipatala ayenera kudziwa. Ikani zolembera pa tebulo lolandirira manambala, apo ayi palibe adzalembe.

Ndi liti pamene tiyenera kuimitsa mpikisano?

Mabingu akagunda. Kugombe palibe pobisala, ndipo munthu amakhala chinthu chachitali pamalo oyera. Tenti si chitetezo ku mphenzi, mtengo ndiye woipiratu. Anthu alowe m'nyumba zolimba kapena m'magalimoto otseka, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza. Imitsaninso mafunde akamakwera pamsewu, kapena kutentha ndi chinyezi zikafika poopsa. Mipikisano ikuluikulu imagwiritsa ntchito muyeso wa WBGT, umene umaphatikiza kutentha, chinyezi, dzuwa ndi mphepo. Mu 2007 okonza Chicago Marathon anaimitsa mpikisano uli m'kati chifukwa cha kutentha, anthu masauzande ali mumsewu. Ngati iwo anatha, inunso mungathe.

Sankhani munthu mmodzi amene mawu ake ndi omaliza pa nkhaniyi, ndipo gwirizanani malire ake kukadali bata. Tsikulo likafika, anthu atavala kale nsapato, mamendulo ali patebulo, komiti yonse imayamba kuona mitambo yakuda ngati ikupita kwina. Lembaninso pa fomu yolembetsera zimene zidzachitike ndi ndalama za anthu mpikisano ukalephereka.

Odzipereka tifuna angati, ndipo aime pati?

Musayambe ndi chiwerengero. Yambani ndi mapu. Mphambano iliyonse, pokhota paliponse pamene munthu angasochere, powolokera paliponse, pafunika munthu. Tebulo la madzi lifuna 4 kapena 6. Potembenukira ikani awiri, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Chaka china tinaika mnyamata mmodzi potembenukira, wodalirika ndithu, ndi koni imodzi yaikulu. Dzuwa linatuluka mokongola kwambiri tsikulo. Anatsetserekera kumadzi kuti ajambule, mphindi ziwiri zokha. Pamenepo ndi pamene otsogola asanu anafika, mitu pansi, n'kupitirira koni ija ngati sanaione. Anawakuwira ali kale patali. Wachisanu ndi chimodzi anatembenuka pamalo oyenera n'kukhala woyamba kufika. Kukambirana kumene kunachitika pomalizira sindikufuna kukukumbukira, ndipo cholakwa chinali chathu, chifukwa tinasiya malo ofunika kwambiri m'manja mwa munthu mmodzi wopanda womulandira. Kuyambira pamenepo potembenukira pamakhala anthu awiri, chingwe chopingasa msewu, ndi muvi waukulu wa choko pansi. Mmodzi amaloza, wina amalemba manambala a odutsa, zimene zimathetsanso nkhani za amene amatembenukira panjira.

Wodzipereka aliyense alandire kapepala kosonyeza malo ake, nthawi yofika, kumene aloze, nambala yoimba pakagwa ngozi, ndi chomwe chidzamudziwitse kuti ntchito yatha. Avale chowala. Muwauze kuti aziloza ndi dzanja lonse ndi kufuula, chifukwa wothamanga wotopa saona bwino ndipo saganiza. Lembani anthu oposa amene mukufuna. Ena sadzabwera, ndipo mudzazidziwa 5 koloko m'mawa. Madzi awo akumwa musaiwale.

Nthawi ya othamanga tiijambula bwanji?

Mipikisano ikuluikulu imamata kachipangizo kakang'ono kumbuyo kwa nambala, kamene kamawerengedwa munthu akamaponda mphasa ya pamzere. Kamapereka nthawi ziwiri: yochokera pa kulira kwa mfuti kapena wenzulo, ndi yochokera pamene munthuyo anadutsa mzere woyambira. Mphoto zimatsata yoyambayo. Amene wafika poyamba ndi amene wapambana.

Kwa anthu 200 kapena 300, manja amakwana. Mmodzi amadina wotchi munthu aliyense akadutsa mzere, osayang'ana kuti ndi ndani. Odutsawo amalowa mu kanjira ka zingwe kopapatiza moti sangapitirirane, ndipo kumapeto kwake wina amalemba manambala motsatana. Kenako mumagwirizanitsa: nthawi ya 37 ndi ya munthu wa 37. Chimene chimaononga zonse ndi munthu wopanda nambala, kapena amene anamaliza kale n'kubwerera kukaperekeza mnzake n'kudutsanso pamzere. Mndandanda wonse umasuntha ndi malo amodzi. Mankhwala ake ndi munthu wachitatu amene apo ndi apo amalemba nambala ndi nthawi yake pamodzi, kuti mukasokonezeka mupeze pobwerera. Foni yoimikidwa pambali yojambula vidiyo ya pamzere yatipulumutsapo kangapo.

Ndalama zimathera kuti?

Lipirani kaye zimene popanda izo mpikisano sungachitike: achipatala, inshuwalansi, zilolezo, madzi, zimbudzi, manambala ndi mapini. Zotsala ndi zimene zigule zokometsera. Malaya a mpikisano ndi amene amadya ndalama mwakachetechete. Muyenera kuitanitsa musanadziwe obwera, ndipo mumatsala ndi katoni ya masaizi amene palibe akuwafuna. Agulitseni padera kwa amene alipiriratu.

Amalonda a m'tauni nthawi zambiri amapereka katundu mosavuta kuposa ndalama: galimoto yonyamula matebulo, jenereta, madzi. Landirani, lembani zimene mwawalonjeza, ndipo zichiteni. Ngati mwalengeza kuti phindu lipita ku ntchito yachifundo, ikani poyera zimene zinalowa, zimene zinatuluka ndi zimene zaperekedwa, pasanathe mwezi. M'tauni yaing'ono mphekesera imathamanga kuposa wopambana wanu.

Za zimbudzi: aliyense amafuna kupita mphindi 20 zomaliza. Zikachepa, anthu amalowera kugombe, ndipo eni dera adzakukumbutsani zimenezo kwa zaka.

Ana, oyenda pansi ndi anthu aulumali angalowe nawo?

Inde, mukakonzekera. Ana aang'ono apatseni mpikisano wawo wa kilomita imodzi, pa nthawi yawo, kutali ndi madzi akuya, ndipo kholo lisayine. Mwana amanyamuka ngati muvi n'kuima mwadzidzidzi pa mamita 200, ndiye akakhala kutsogolo kwa akuluakulu amapondedwa. Oyenda pansi ndi okankha ana ayambire kumbuyo. Othamanga pa njinga za aulumali anyamuke mphindi zingapo patsogolo, popeza pamalo osalala amathamanga kuposa wina aliyense, koma yendani nawo njirayo kaye kuti aone okha masitepe, mchenga ndi kukula kwa potembenukira. Wosaona athamange ndi womutsogolera, ndipo womutsogolerayo asalipire.

Mahedifoni otseka makutu onse ndimawakaniza pa njira yopapatiza yokumanizana. Agalu pa chingwe chachitali ndi msampha wa miyendo.

Zinyalala titani nazo?

Walira mvula walira matope. Kapu imene yagwa m'tauni imadikira wosesa. Imene yagwa kugombe imalowa m'madzi mphepo ikangowomba kamodzi. Ikani matebulo a madzi mbali ya kumtunda, ndipo migolo ya zinyalala ikhale mamita 30 mpaka 100 kupitirira tebulo, pamene anthu amamalizira kumwa. Wina azitolera mpikisano uli m'kati. Makapu a pepala ndi abwino kuposa mabotolo apulasitiki amene munthu amamwa kawiri n'kutaya. Mabuloni musaulutse, onse amakagwera m'madzi. Jambulani njira musanayambe ndiponso mutamaliza kusesa, ndipo zithunzizo mupite nazo pokapempha chilolezo cha chaka chamawa.

Timasule liti mzere womalizira?

Womaliza akadutsa. Ikani munthu kumbuyo kwenikweni, woyenda pansi kapena pa njinga, wovala chowala, wokhala ndi foni ndi botolo la madzi. Ntchito yake ndi kukhala womaliza kuti wolembetsa aliyense asakhale womaliza, ndipo iye akadutsa ndi pamene woyang'anira mphambano amadziwa kuti atha kuchotsa makoni. Popanda munthu ameneyu, odzipereka amaona msewu uli zii n'kuganiza kuti zatha, ndipo mayi wina amene akuyenda pang'onopang'ono kumbuyo amapezeka ali pakati pa magalimoto.

Ngati chilolezo chanu chili ndi nthawi yotsegulira msewu, lengezani malire a nthawi anthu akamalembetsa, ndipo otsalira muwasunthire m'mbali mwa msewu womuperekeza ali nawo. Koma wotchi ya pomalizira isazimitsidwe. Sungani mendulo ndi madzi ozizira pansi pa tebulo, chifukwa zimatha msanga kuposa mmene munawerengera. Wa chimkuzamawu auzidwe nambala ndi dzina la amene akubwerayo akadali patali mamita 200, ndipo mwambo wopereka mphoto uime kaye mpaka alowe. Kenako gwirizanitsani chiwerengero cha onyamuka ndi cha ofika pamodzi ndi amene anasiyira panjira. Chikasiyana ndi munthu mmodzi, musakweze matebulo m'galimoto. Imbani nambala ya wachibale imene analemba pa fomu, ndipo wa njinga abwerere kukayang'ana njira yonse, kuyambira mbali ya kumadzi.